Pepala, PVC kapena nsalu: posita yaikulu imadyera pati ndalama mu Lusaka

Mwezi umodzi ndinasindikizitsa zikwangwani ziwiri zosiyana kutalitali. Choyamba chinali cha msonkhano wa chitsitsimutso wa mpingo wathu ku Chawama, choti chikamangidwe pampanda wa kumsewu kwa milungu itatu. Chachiwiri chinali cha mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira pa yunivesite ya UNZA. Iye anauzidwa kuti zomwe wapeza pa kafukufuku wake aziike pa pepala la A0, likapachikidwe m'holo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, basi. Zonsezi m'tauni timangoti posita. Mukalowa m'shopu n'kufunsa kuti "posita ndi zingati?", mnyamata wa pakauntala ayankha ndithu, koma akuuzani mtengo wa chimene makina ake amatulutsa, osati chimene inu mukusowa.

N'chifukwa chake ine funso la mtengo ndimaliika pambuyo. Ndimayamba ndadzifunsa zinthu zitatu: chikapachikidwa pati, chikakhalapo masiku angati, ndipo ndikufuna zingati. Izi zikayankhidwa, njira zambiri zimagwa zokha, n'kutsala imodzi kapena ziwiri zoti mupikisanitse mitengo yake.

Ndalama zimabisala m'lifupi mwa mpukutu

Mapepala a gulu la A ali ndi lamulo losavuta: lililonse ndi theka la mkulu wake. A4, lomwe timalembapo makalata, ndi 210 mm m'lifupi ndi 297 mm m'litali. Ma A4 awiri ndi A3, anayi ndi A2, asanu ndi atatu ndi A1, yomwe ndi 594 mm ndi 841 mm. Ma A4 okwana 16 ndiye A0, ya 841 mm ndi 1189 mm, imene ndi sikweya mita imodzi. Mukasunga m'mutu kuti A0 ndi sikweya mita imodzi ndipo A1 ndi theka lake, mutha kuyerekeza shopu imene imatchula mtengo pa pepala ndi ina imene imatchula pa sikweya mita osasokonezeka.

Koma makina akuluakulu sadya mapepala odulidwa kale. Amadya mpukutu. Mipukutu ya mapepala yofala ndi ya 610 mm, 914 mm ndi 1067 mm m'lifupi. A1 imalowa bwinobwino pa 610, A0 pa 914. Mukangodzipangira muyeso wanu, tinene mita imodzi m'lifupi, mwatuluka pa 914, ndipo muyamba kuzungulira tauni kufuna amene ali ndi mpukutu wa 1067. Makina a PVC, pulasitiki yokhuthala ija ya zikwangwani za panja, nawonso ali ndi malire awo: ambiri ndi a 1.6 m kapena 1.8 m, aakulu zedi ndi a 3.2 m. Mukafuna chikwangwani cha 1.7 m m'lifupi pa shopu ya makina a 1.6 m, achita kulumikiza zidutswa ziwiri, ndipo msokowo ukhoza kudutsa pamphuno pa munthu amene ali pachithunzi. Mukafuna cha mita imodzi pamene mpukutu ali nawo ndi wa 1.6 m, masentimita 60 otsalawo pali amene awalipire. Funsani poyera: "Mukuwerengera pa kukula kwa chikwangwani changa, kapena pa mpukutu wonse?" Ine ndinazolowera kufunsa kaye za mpukutu, kenako n'kukonza muyeso wanga kuti ugwirizane nawo.

PVC, inki, mapepala ndi makina omwe, pafupifupi zonse zimachokera kunja, makamaka ku China ndi ku South Africa. Mtengo wake umayenda ndi dola, choncho umene mnansi wanu analipira chaka chatha usakutsogolereni.

Zokhala m'nyumba

Njira yotchipa kuposa zonse siifuna n'komwe makina aakulu. Mu Adobe Acrobat Reader, posindikiza, pali batani lolembedwa Poster limene limadula chithunzi chachikulu kukhala zidutswa za A4 kapena A3. Mumasindikiza pa kantemba kalikonse kochita fotokope, n'kudula m'mphepete, n'kumata ndi guluu. Dziwani kuti pulinta siifika kumapeto kwenikweni kwa pepala, ndiye A0 idya mapepala oposa 16 aja. Za m'kalasi, ndondomeko ya maliro, mndandanda wa zopereka pakhomo la tchalitchi, njira imeneyi imakwanira. Pamene pali nkhope ya munthu kapena pamene akupereka mamalikisi, isiyeni. Misoko imaoneka ngakhale mutamata mwaluso chotani.

Yachiwiri anthu ambiri amaidutsa osaiona: mashopu osindikiza mapulani a nyumba. Ali ndi makina otchedwa plotter, nthawi zambiri HP DesignJet kapena Canon imagePROGRAF, ndipo amasindikiza pa pepala lopyapyala la bond la 80 kapena 90 gsm. Gsm ndi kulemera kwa sikweya mita imodzi ya pepalalo, kutanthauza kuti A0 ya 80 gsm imalemera magalamu 80 okha. Ngati posita yanu ndi ya mawu, mizere ndi matebulo pa pepala loyera, apa ndiye pokomera thumba. Vuto limabwera mukadzaza pepala lonse ndi mtundu. Pepala lopyapyala likamwa inki yambiri limachita makwinya ngati malaya osasita, ndipo amene amasindikiza mapulani amakweza mtengo akaona kuti inki ipita yambiri.

Mwana wa mlongo wanga anafika ndi posita imene kumbuyo kwake konse kunali kwa buluu wakuda, mawu oyera pamwamba. Pa kompyuta inkaoneka yapamwamba. Ndinamuuza kuti asankhe: atembenuze kumbuyo kukhale koyera asindikize pa bond, kapena asiye buluuyo alipire pepala lokhuthala. "Amalume, anzanga onse akupanga za mitundu," anatero. Tinakumana pakati. Kumbuyo kunayera, mutu wokha ndi zithunzi n'zimene zinatsala ndi mtundu, ndipo tinatenga pepala lokhuthala pang'ono losanyezimira.

Mapepala okhuthalawa ndiye njira yachitatu, ndipo ndi amene amatulutsa zithunzi zokongola kuposa china chilichonse chimene nditchule pano. Amayambira cha pa 120 gsm kukafika 260 gsm kwa aja a zithunzi enieni. Pali onyezimira otchedwa gloss, apakatikati otchedwa satin, ndi osanyezimira otchedwa matt. M'holo yowala magetsi, monga ku Mulungushi International Conference Centre, gloss imabweza kuwala m'maso mwa owerenga mpaka amachita kupendekera khosi. Satin kapena matt ndiye zoyenera. Funsaninso inki. Ya dye imawala bwino tsiku loyamba koma imasuluka msanga ndipo dontho la madzi limaisungunula. Ya pigment imapirira. Kwa posita ya tsiku limodzi zilibe kanthu, koma ya pakhoma la kiliniki kapena sukulu, yoti ikhale chaka, pigment ndi lamineti (pulasitiki yoonekera yomata pamwamba) n'zofunika. Lamineti pa posita ya tsiku limodzi ndi kutaya ndalama, ngakhale a m'shopu adzakuuzani kuti imakongoletsa.

Pepala limafunanso ponyamulira. Mu minibasi ya ku Chawama nthawi ya 17 koloko, posita ya A0 yokulungidwa ndi kalabala chabe siifika yamoyo. Pitani ku hadiweya mukadulitse paipi ya pulasitiki ya madzi yotalika pang'ono kuposa 841 mm, mutseke kukamwa kwake ndi pepala ndi tepi. Pokulunga, chithunzi chikhale kunja, kuti mukaifunyulula m'mphepete mwake muzipindikira kukhoma osati kwa owerenga.

Amene akupita kutali aganizire nsalu. Imasindikizidwa pa poliyesitala, inki n'kulowetsedwa mu ulusi ndi moto. Mumaipinda ngati chitenje n'kuiponya m'chikwama, kaya mukukwera ndege pa Kenneth Kaunda International Airport kapena basi ya ku Chipata pa Intercity. Mukafika mumaisita ndi ayironi yosatentha kwambiri. Imadula kuposa pepala, timawu ting'onoting'ono sitituluka takuthwa ngati papepala, ndipo si shopu iliyonse imene imachita, ndiye muyambe kufunafuna nthawi ilipo.

Zokhala panja

Apa ndiye ndichedwepo, chifukwa ndalama zambiri za mipingo, masukulu, mashopu ndi magulu a chilimba zimathera apa.

Panja pa Lusaka pali adani atatu, aliyense ndi nyengo yake. Mvula kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo. Mphepo ndi fumbi mu Ogasiti ndi Seputembala. Dzuwa chaka chonse, makamaka mu Okutobala, ndipo mzinda uno uli pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, dzuwa lake silichita masewera. Pepala panja limakhala masiku ochepa m'chilimwe, ndipo m'dzinja usiku umodzi ungakwane kulimaliza. Chimene chimapirira onse atatu ndi PVC, imene ena amati flex, ena banner, yosindikizidwa ndi inki ya solvent kapena eco-solvent. Inki imeneyi imaluma pulasitikiyo n'kukhazikika, madzi saichotsa. Opanga inki ena amati imatha kukhala panja mpaka zaka zitatu popanda lamineti, koma pakhoma loyang'ana dzuwa mudzaona mitundu yofiira ndi yachikasu ikuyamba kusuluka nthawiyo isanakwane.

PVC imagulitsidwa pa sikweya mita, ndipo chodabwitsa n'chakuti nthawi zambiri imatchipa kuposa pepala la zithunzi la kukula komweko. Ndiye ena amafunsa kuti bwanji osangosindikiza zonse pa PVC. Chifukwa chake n'chakuti makina ambiri a PVC anapangidwira zoonera patali. Mukayandikira mumaona timadontho ndi ulusi wa m'kati mwa pulasitikiyo, ndipo timawu tating'ono timaphwanyika m'mbali. Ikangotuluka m'makina imanunkhanso mankhwala, moti m'chipinda chotseka imapweteketsa mutu. Posita ya kafukufuku pa PVC imatheka ngati zilembo zili zazikulu, koma ine sindingailimbikitse pamene pali matebulo a manambala.

PVC nayo ili ndi makulidwe. Ya 440 gsm ndi yofala, ya 510 gsm ndi yolimba, ndipo pali zopepuka zotsika apo zimene zimatchipa. Shopu ziwiri zikasiyana kwambiri mtengo, kawirikawiri kusiyanako kuli apa. Pemphani kachidutswa mukagwire ndi manja, mukakokere uku ndi uku.

Koma chikwangwani sichiyamba kung'ambika pakati. Chimayambira pamene mwamanga chingwe. Choncho mpendero ndi timphete tachitsulo, tija amati ma eyelet, si zokongoletsa ayi. M'mphepete apinde n'kumata kapena kusoka, kenako aike timphete pa masentimita 50 aliwonse, osati m'makona anayi mokha. Ena mtengo wa timphete amauphatikiza, ena amawerengera kamodzikamodzi, ndiye funsani musanapereke dipoziti. Pomanga, ine ndimakonda malegeni kuposa waya. Waya sagonja, mphepo ikawomba mphamvu yonse imapita pa kamphete mpaka kazuke, pamene legeni limatamuka n'kubwerera. Amisiri ena amacheka timabowo tonga mwezi pakati pa chikwangwani ati mphepo izidutsa. Thandizo lake ndi lochepa, ndipo kung'ambika kumayambira pomwepo. Ngati chikwangwani chikadutsa pamwamba pa msewu kapena pa mpanda wa waya pamalo a mphepo, funsani mesh, PVC ya timabowo ting'onoting'ono thupi lonse. Mitundu yake imaoneka yofooka pang'ono, koma kamvulumvulu wa mu Seputembala amangodutsa.

Tiwerengere limodzi. Manambalawa ndi ongophunzitsira masamu, inu muikepo amene akuuzani. Tinene kuti sikweya mita ndi K100, ndipo chikwangwani chanu ndi mamita 3 ndi mita imodzi. Ndiye K300. Kuzungulira m'mphepete mwake ndi mamita 8, kutanthauza timphete 16 mukaika pa masentimita 50 aliwonse. Ngati shopuyo inalembetsa VAT, pa K300 paja pabwera 16 peresenti, yomwe ndi K48. Onjezani wokonza dizaini, takisi ya Yango kapena wa wilibala wonyamula, ndi mnyamata wokwera pamakwerero. Mudzapeza kuti PVC yeniyeniyo nthawi zina ndi theka chabe la ndalama zimene zatuluka m'thumba. Shopu imene inatchula mtengo wokwera koma zonse zili momwemo ikhoza kukhala yotchipa kuposa ija inakukopani ndi nambala yaing'ono pakhomo.

Pali abale ake a PVC oti nditchule mwachidule. Sitika ya vinyl imamatidwa pagalasi la shopu, pagalimoto kapena pa bolodi. Ikamatidwa pa Correx, pulasitiki yopepuka ija ya timipata m'kati ngati katoni, imakhala chikwangwani chowuma chabwino cholozera njira ya ku ukwati kapena ku kitchen party. Ngati mukufuna lamineti pa sitika, apatseni tsiku lathunthu kuti inki iume kaye, apo ayi imatukusira pansi pa lamineti. Pull-up, chija choimirira chokha chimene chimadzikulunga m'chitsulo chake, nthawi zambiri chimakhala 850 mm ndi mamita 2. Ndalama zambiri zili pa chitsulocho, ndiye uthenga ukasintha musagule china, angosintha chosindikizidwacho. Panja pamphepo chimagwa chafufumimba.

Ndipo musaiwale amisiri a bulashi. M'makomboni monga Matero, Mtendere ndi Kanyama akadalipo olemba ndi penti pakhoma, pa chitsulo kapena pa nsalu yoyera. Safuna magetsi, safuna fayilo. Dzina la shopu, sukulu kapena saluni lolembedwa pakhoma ndi penti ya mafuta limakhala zaka, palibe wolimasula usiku kukafolera khola la nkhuku. Chimene sangakupatseni ndi chithunzi chenicheni cha munthu, ndipo zilembo muziwalembera nokha papepala, muimirire pomwepo pamene akujambula ndi choko.

Mukafuna zambiri

Makina onse ndatchulawa amalipiritsa chimodzimodzi posita yoyamba ndi ya nambala 200, mwina kukuchotserani pang'ono. Offset ndi ina. Kumeneko amayamba apanga mapuleti anayi, imodzi pa mtundu uliwonse wa inki zinayi zotchedwa CMYK (buluu, pinki, chikasu ndi yakuda), n'kutchera makina. Ndalama zambiri zimapita pa chiyambi chimenechi, koma makina akangoyamba kuthamanga pepala lililonse limatchipa kwambiri. Masamu ake ndi awa, ndi manambala ongoyerekeza: kutchera K2,000 ndi K5 pa pepala, pamene kwina akukuuzani K45 pa pepala popanda zotchera. Pa pepala lililonse offset ikukupulumutsirani K40, ndiye K2,000 ija ibwerera mukafika mapepala 50. Kuchepera apo khalani ku makina ndinatchula poyamba aja, amene amati digital, kupitirira apo pitani ku offset. Pemphani manambala awiriwo ku shopu, mugawe nokha. Maposita a A2 ndi A3 a makonsati, misonkhano ya mipingo ndi a ndale amene mumaona atamatidwa mzere m'makoma, ochuluka amachokera kumeneku. Offset imafuna masiku, ndipo cholakwa chimodzi chimachulukitsidwa ka 500.

Fayilo, pamene ndinalipira kawiri

Chikwangwani cha ku Chawama chija ndinachisindikizitsa kawiri, ndipo wolakwa ndinali ine. Chithunzi cha abusa ndinachitenga pa gulu la WhatsApp la mpingo. Pafoni chinkaoneka bwino zedi. Nditapita kukatenga, mnyamata anachifunyulula pansi, mamita atatu, ndipo nkhope ya abusa inali ya timabokosi ngati yomangidwa ndi njerwa. Maso sankadziwika pamene ayambira. Ndinayamba kukweza mawu, iye n'kungotembenuza kompyuta kuti ndione. "Atate, chimene munatumiza n'chomwechi. Ife tangokuza." Sindinayankhe.

WhatsApp imafinya zithunzi kuti zisadye bandulo, ndipo chithunzi chimene chadutsa m'mafoni asanu chafinyidwa kokwanira. Pezani choyambirira kwa amene anajambula, ndipo potumiza sankhani Document, kapena mupite nacho pa flash. Posita yowerengedwa pafupi imafuna madontho 150 pa inchi iliyonse pa kukula kwake kwenikweni. Pa A1 ndiye mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) pafupifupi 3,500 ndi 5,000, pa A0 pafupifupi 5,000 ndi 7,000. Chikwangwani choonera patali chimakwanira ndi 100 kapena kutsikirapo. Kamera ya foni ya 12 megapixel imatulutsa 4,000 ndi 3,000, zomwe pa madontho 100 zimakwana mita imodzi m'litali ndi masentimita 76 m'lifupi. Ndiye kuti chithunzi choyambirira cha foni wamba chikanakwanira bwinobwino pa nkhope ya abusa.

Mawu ndi zizindikiro zikapangidwa mu pulogalamu ya CorelDRAW, imene mashopu ambiri a m'tauni amagwiritsa ntchito, zimakula popanda kuphwanyika. Amene mukupanga nokha mu PowerPoint, ikani kukula kwenikweni kwa posita musanalembe kanthu. PowerPoint imalola mpaka mainchi 56, pafupifupi 142 cm, ndiye A0 imalowa. Mukamaliza sungani ngati PDF, chifukwa fayilo ya PowerPoint kapena Word ikatsegulidwa pa kompyuta ina imene ilibe zilembo zanu, mizere imadumpha. Ngati mtundu ukufika kumapeto kwa pepala, upitirire ndi 3 mm mbali zonse kuti podula pasatsale kamzere koyera.

Mitundu nayo imanamiza. Foni ndi kompyuta zimaonetsa ndi kuwala, RGB, pamene makina amapaka inki, CMYK. Buluu wowala amakonda kutuluka ngati pepo, wobiriwira wowala amazilala. Chimene chimatikhudza kwambiri ife ndi nkhope: khungu lakuda limatuluka loderapo kuposa pa sikirini, makamaka ngati chithunzi chinajambulidwa m'nyumba, mpaka munthu amatsala mano ndi kolala. Uzani wokonza aziwalitse pang'ono, ndipo pemphani kuti ayambe asindikiza kachidutswa ka pankhope pa kukula kwenikweni. Ngakhale atakulipiritsani kachidutswako, n'kotchipa kuposa mamita atatu. Kunyumba mungayesenso nokha: sindikizani kagawo kamodzi pa A4 pa 100 peresenti, mukamate pakhoma, mubwerere m'mbuyo.

Za kukula kwa zilembo, amisiri a zikwangwani ali ndi muyeso wawo: masentimita awiri ndi theka a kutalika kwa chilembo pa mamita atatu aliwonse amene wowerenga waima. Munthu ali m'basi pa Great East Road, mamita 15 kuchokera pampanda, akufuna zilembo za masentimita 12 kapena 13, ndipo ali ndi kanthawi kowerenga mawu asanu kapena asanu ndi awiri. Komiti yathu inkafuna mayina a alaliki onse, makwaya onse ndi vesi lathunthu. Tinakangana mpaka usiku. Pa posita ya m'holo, mawu a m'kati asatsike pa saizi 24 (24 point) pa kompyuta.

Chomaliza pa fayilo: werengani nokha, mokweza, chilembo ndi chilembo. Wokonza dizaini mu Lusaka akhoza kukhala wolankhula Chibemba kapena Chitonga, Chinyanja chake n'cha mumsewu, ndipo sangaone kuti Ng'ombe yataya kachizindikiro kake kapena kuti ŵ yasanduka kabokosi. Gwirizananinso kalembedwe: kuno ku Zambia masukulu amalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch, Cinyanja ndi Chinyanja. Zonse n'zolondola, koma zisasakanikirane pa chikwangwani chimodzi. Tsiku ndi nambala ya foni muwerengetse munthu wachiwiri.

Kwa yani, ndipo liti

M'tauni, cha ku Cairo Road, Cha Cha Cha ndi Freedom Way, mashopu ali pafupipafupi, mutha kufunsa atatu pa ola limodzi ndipo kunenerera kumaloledwa. M'mamolo monga Manda Hill kapena East Park mumalipirako lendi yawo, koma mumapeza poimika galimoto ndi risiti yooneka bwino. Makampani aakulu osindikiza ndiwo a offset ndi makina a 3.2 m, ndipo ngati ndalama ndi za bungwe lofuna invoisi ya msonkho yokhala ndi TPIN, nambala ya wolipira msonkho, kumeneko simuvutika. Tintemba tambiri ta m'makomboni tolembedwa kuti timasindikiza zikwangwani tilibe makina aakulu. Amalandira fayilo yanu, n'kukwera basi kupita nayo m'tauni, n'kuikapo yawo. Si kuba, akukusungirani ulendo, koma chikalakwika mumakhala mukulankhula ndi munthu amene sanagwire makinawo. Ine ndimafunsa mwaulemu kuti ndione makina.

Funsaninso za magetsi. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, madera ambiri a Lusaka ankakhala opanda malaiti pafupifupi tsiku lonse, ndipo tonse tinaphunzira kuti lonjezo la "mawa m'mawa" limadalira ZESCO, kampani ya magetsi. Makina akazima chikwangwani chili pakati, chidutswacho chatayika, amayambiranso. Shopu ya jenereta kapena sola ikhoza kudulirapo pang'ono, koma ngati mwambo wanu uli Loweruka, ndalama imeneyo ndi yogulira tulo.

Julaye ndi Ogasiti ndi miyezi yothithikana. Chionetsero cha zaulimi ndi zamalonda ku Showgrounds chimafika kumayambiriro kwa Ogasiti, ndipo kampani iliyonse imafuna zikwangwani nthawi imodzi. Kumapeto kwa mwezi womwewo kuli Kulamba ku Mkaika, ku Katete, ndipo magulu athu opita kumeneko amafunanso zawo. Chaka cha chisankho ndiye zimanyanya, poti chisankho chachikulu chimachitika Lachinayi lachiwiri la Ogasiti zaka zisanu zilizonse, monga zinalili pa 11 Ogasiti 2016 ndi pa 12 Ogasiti 2021. Kantchito kanu ka mamita atatu kadzakhala pambuyo pa maoda a zipani. Pitani milungu iwiri nthawi isanakwane.

Pampanda wanu kapena wa tchalitchi chanu, cholozera mwambo wanu, nthawi zambiri palibe wokuvutitsani. Koma m'mbali mwa msewu, pa ma roundabout ndi pamwamba pa msewu ndi malo a khonsolo ya mzinda wa Lusaka, ndipo zotsatsa malonda kumeneko zimafuna chilolezo cholipira. Zopanda chilolezo amazichotsa, ndalama zanu n'kupita nazo limodzi. Pitani ku Civic Centre, ku maofesi a khonsolo, mukafunse musanasindikize, chifukwa yankho lawo likhoza kusintha kukula kumene mukufuna. Pamapolo a magetsi musamatepo n'komwe.

Ulendo wachiwiri uja, posindikizanso chikwangwani cha ku Chawama, tinachenjerako. Pa PVC tinasindikiza dzina la mpingo, mawu akuti Msonkhano wa Chitsitsimutso ndi nkhope ya abusa yochokera pa chithunzi choyambirira, koma malo a tsiku ndi mlaliki tinawasiya oyera. Chaka chilichonse timangodulitsa kasitika ka vinyl n'kumata pamenepo, chaka chinacho n'kumatula. Msonkhano ukatha timachipukuta ndi nsalu yonyowa, n'kuchikulunga pa paipi osachipinda, chifukwa PVC yopindidwa imasweka inki m'mizere ya mapindowo. Choyamba chija, cha nkhope ya njerwa, anachipempha amayi ena a mu mpingo amene amagulitsa tomato ku Soweto Market. Ndinachiona m'dzinja lapitali atafunditsa mabokosi awo, abusa atayang'ana pansi.